Mwana wa mnzanga ali ndi khansa ya m'magazi: ndimupempherere ndi kumuthandiza motani?

Mayi wa ku Kapata, Chipata

Moni kwa inu nonse, makolo ndi abale mwa Ambuye. Ndili ndi nkhani imene yandilemera mumtima, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsapo m'njira yotereyi kapena munaperekezapo anzanu.

Ndili ndi mnzanga wapamtima amene timapemphera mpingo umodzi, ndiponso timagulitsa moyandikana pamsika. Mwana wake wamwamuna wa zaka 6 anayamba kudwaladwala: thupi linkatentha kosalekeza, zikhatho zinayera, ankatopa msanga ngakhale posewera, ndipo nthawi zina ankatuluka kamfuno. Tonse tinkati ndi malungo, koma atamuyeza ku Chipata Central Hospital anawatumiza ku Lusaka, kumene madokotala anatsimikiza kuti ndi khansa ya m'magazi. Tsopano mnzangayo akudwazika mwana kumeneko, pamene bambo atsala kuno ndi ana ena awiri.

Poyamba ndinkamutumizira mavesi pa WhatsApp m'mawa uliwonse, iye n'kumayankha kuti Ameni. Masiku ano amawerenga koma sayankha, ndipo nditamuimbira foni anandiuza mawu amene sakuchoka m'mutu mwanga, akuti: "Mnzanga, ine ndatopa kupemphera, Mulungu sakundimva." Ndinasowa chonena. Sindikudziwa ngati kumuuza kuti mwana achira ndithu kuli koyenera, popeza ine sindine Mulungu, komanso ndikuopa kuti ndikakhala chete adzaganiza kuti ndamutaya.

Pali vuto linanso. Achibale ena akunena kuti matendawa si a Mulungu koma alipo amene anachita, ndipo akufuna kuti mwana achotsedwe m'chipatala apite naye kwa mneneri wina amene walonjeza kuti amuchiritsa popanda mankhwala. Ngakhale m'gulu lathu la amayi muli ena amene akunong'ona kuti mwina chikhulupiriro cha mnzangayu ndi chochepa, n'chifukwa chake mapemphero sakuyankhidwa.

Ndiye ndikufunsa: munthu amene watopa kupemphera timalankhula naye bwanji? Nanga ife amene tili kuno, pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, tingachite chiyani chooneka choposa kutumiza mauthenga? Ndipo nkhani ya achibaleyi ndingalowererepo bwanji popanda kugawanitsa banja la eni?

Mkulu wa mpingo, Madzimoyo

Amayi, pepani ndi katundu amene mwasenza pamodzi ndi mnzanuyo. Ndiyambe ndi mawu amene anakuuzani aja, chifukwa ndikuona kuti ndiwo akukuopsani kwambiri. Munthu amene akuti Mulungu sakumumva sanataye chikhulupiriro, pakuti akanachitaya sakanadandaula n'komwe za kusayankha kwa Mulunguyo. Werengani Salimo 13, pamene Davide akufunsa Mulungu kuti adzamuiwala mpaka liti, kapena Salimo 88 limene limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima popanda mawu achimwemwe. Masalimo amenewa ali m'Baibulo kuti tidziwe kuti kudandaula pamaso pa Mulungu ndi pempheronso. Choncho musamukonze mnzanuyo, musamuuze kuti Mkhristu salankhula choncho. Mungomuuza kuti mwamva, kuti kutopa kwake n'komveka, ndiponso kuti masiku amene iye sangathe kupemphera, inu mudzakhala mukupemphera m'malo mwake.

Zimenezi zili ndi maziko m'Malemba. Pa Marko 2, anthu anayi ananyamula mnzawo wofa ziwalo, nasasula denga, n'kumutsitsa pamaso pa Yesu, ndipo palembedwa kuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Sitiuzidwa kuti wodwalayo ananena chilichonse. Ntchito yanu pa nthawi ino ndi ya anthu anayi aja.

Kunena za amayi amene akunong'ona kuti chikhulupiriro chake ndi chochepa, ndikupemphani muwaletse mwaulemu koma mosabisa mawu, chifukwa manong'onong'o otere amafika kwa mwini wake ndipo amapweteka kuposa matenda. Abwenzi atatu a Yobu anachita bwino pamene anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osalankhula kanthu. Analakwa atatsegula pakamwa n'kuyamba kufufuza tchimo limene linabweretsa mavutowo, ndipo pa mutu 42 Mulungu anawakwiyira chifukwa sananene zoona za Iye. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsanso kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Ine ndakhala ndikuzonda odwala kwa zaka zambiri, ndipo sindinaonepo kholo limene linalimbikitsidwa pouzidwa chifukwa chimene mwana wake akudwalira.

Mwafunsa ngati mumuuze kuti mwana achira ndithu. Maganizo anga ndi akuti musalonjeze chimene Mulungu sanakuuzeni. Mungathe kunena ndi mtima wonse kuti mukupempha Mulungu amuchiritse, kuti Mulungu ali nawo m'wodimo, ndiponso kuti inu simudzawasiya zivute zitani. Mawu atatuwa ndi oona lero ndipo adzakhala oona ngakhale zinthu zitatembenuka.

Pa mauthenga a pa foni, musaleke kutumiza, koma afupikitseni, ndipo muziwonjezera kuti asavutike kuyankha. Wodwazika amagona pang'ono, nthawi zambiri pampando kapena pansi, ndiye kuyankha aliyense kumasanduka ntchito ina. M'malo mwa vesi tsiku ndi tsiku, nthawi zina mufunseni kuti, "Lero tipempherere chiyani?" Mudzamva zinthu zenizeni, monga kuti mwana adye, kuti mtsempha upezeke msanga poika diripi, kuti zotsatira za magazi zituluke bwino. Mukapempherera zimenezo, mumudziwitse kuti mwatero. Chomaliza, musanatchule dzina la mwanayo ndi matenda ake pamaso pa mpingo wonse, yambani mwapempha chilolezo kwa makolo ake. Ena amafuna kuti dziko lonse liwapempherere, ena amafuna anthu ochepa okha, ndipo onsewo salakwa.

Namwino wopuma pantchito, Katete

Amayi, ine ndiyankha mbali ya chipatala, chifukwa nkhani yochotsa mwana pa mankhwala yandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndikulankhula ngati Mkhristu mnzanu amene amakhulupirira pemphero.

Choyamba, khansa ya m'magazi si yopatsirana, ndipo siyamba chifukwa cha chimene mayi kapena bambo anachita kapena kulephera kuchita. Imayambira m'mafuta a m'mafupa, mmene magazi amapangidwira. Maselo oyera osakhwima amachulukana mosalamulirika mpaka kupanikiza maselo abwino, n'chifukwa chake mwana amayera, amatuluka magazi, ndiponso amagwidwa ndi matenda ena pafupipafupi. Muwafotokozere achibale zimenezi m'mawu osavuta, pakuti nthawi zambiri anthu amathamangira ku ufiti pamene palibe amene wawafotokozera bwino.

Chachiwiri, khansa zambiri za ana zimachizika. Bungwe la World Health Organization limanena kuti m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 aliwonse odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 mwa 100. Zifukwa za kusiyanaku ndi zingapo, monga kuchedwa kuzindikira matenda ndi kuvuta kwa mankhwala, koma chimodzi chachikulu ndi kusiyira chithandizo panjira. Mu 2018 bungweli linayambitsa ntchito yofuna kuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azichira padziko lonse. Apa ndi pamene abwenzi ngati inu muli ndi mbali yaikulu, chifukwa kawirikawiri mabanja sasiya mankhwala mwadala, koma ndalama za ulendo zimatha, mphamvu zimatha, ndipo mawu a achibale amakula.

Mtundu wa khansa ya m'magazi umene umapezeka kwambiri mwa ana umafuna chithandizo cha zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo chimaperekedwa m'magawo. Pali nthawi ziwiri zoopsa zimene muyenera kuzidziwiratu. Yoyamba ndi pamene mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, otchedwa chemotherapy, ayamba kugwira ntchito: tsitsi limathothoka, mwana amasanza, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo achibale akaona chithunzi amati madokotala akumupha. Zimenezi ndi zoyembekezereka ndipo tsitsi limameranso. Yachiwiri ndi yonyenga kwambiri. Pakapita milungu ingapo mwana amaoneka bwino, amadya, amasewera, amatulutsidwa m'chipatala, ndipo banja limapita kutchalitchi kukachitira umboni kuti wachira. Kuthokoza Mulungu n'koyenera, koma matenda amakhala asanathe m'thupi, ndipo mwana akapanda kubwerera pa tsiku limene analemberedwa, khansayo imabwerera ili yovuta kuchiza kuposa poyamba. Lembani masiku obwerera ku Lusaka m'buku la gulu lanu la amayi, ndipo muzionetsetsa kuti ndalama ya basi yapezeka tsikulo lisanafike.

Mwana akabwera kunyumba, kumbukirani kuti chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri. Thupi likatentha kufika madigiri 38, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, osadikira kuti kuche kapena kuti abusa afike. Muguleni kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kameneko ndi mphatso yothandiza kuposa shuga. Amene ali ndi chimfine, chifuwa, chikuku kapena katsabola asalowe m'nyumbamo, apempherere kwawo. Obwera kudzasanjika manja ayambe asamba m'manja ndi sopo, ndipo asabwere chigulu. Mwana asasalitsidwe kudya, akuluakulu ndiwo asale. Asamwetsedwe mankhwala azitsamba, mafuta kapena madzi ochokera kosadziwika, chifukwa zina zimawononga chiwindi ndi impso zimene zikulimbana kale ndi mankhwala amphamvu.

Palinso nkhani ya magazi. Ana oterewa amawonjezeredwa magazi kawirikawiri, ndipo magaziwo amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku Zambia National Blood Transfusion Service, imene imalandira magazi ngakhale ku Chipata konko. Magazi anu mwina sadzapita kwa mwana ameneyu, koma adzapulumutsa wina wonga iye. Ndikanakonda achinyamata a mumpingo mwanu atakonza tsiku lopita limodzi kukapereka.

Bambo wa ku Petauke

Ine ndinadutsamo, amayi. Mwana wathu wamkazi anapezeka ndi chotupa cha mu impso ali wamng'ono, ndipo mayi ake anakhala naye nthawi yaitali ku Lusaka pamene ine ndinkayendera pakati pa mudzi ndi chipatala. Ndikuuzani zimene zinatigwira dzanja ndi zimene zinatilasa mtima, mwina mutolapo kanthu.

Mawu akuti "mukafuna kanthu munene" ndinawamva kwa anthu ambiri, koma sindinanenepo, chifukwa munthu wamkulu amachita manyazi kupempha, ndiponso mutu umakhala utadzaza moti sudziwa chimene ukufuna. Amene anatithandiza ndi amene sanafunse. Matendawa anatipeza m'nyengo ya dzinja, chimanga chikufuna kupalira ndi kuthira feteleza wachiwiri. Tsiku lina ndikuchokera ku Lusaka ndinapatukira kumunda ndili ndi mantha a zimene ndikaone, ndipo ndinapeza mizere yonse yopaliridwa, udzu utaunjikidwa m'mbali, mapazi a anthu ali mbwee m'matope. Anali akhristu a mu mphakati wathu amene anabwera ndi makasu awo atatha mapemphero a m'mawa. Chaka chimenecho tinakolola, ndipo chimanga chomwecho ndicho tinagulitsako kuti tipeze ndalama za maulendo otsatira. Kwa mnzanuyo munda wake ndi malo ake a pamsika. Ngati n'kotheka, musalole kuti benchi lake likhale lopanda kanthu: gawanani masiku omugulitsira, lembani zonse m'kabuku, ndipo phindu muzimutumizira pa Airtel Money kapena MTN. Ngati ali m'chilimba, gulu losonkherana ndalama mosinthana, kambiranani kuti alandire msanga kapena mumuponyere mpaka atabwerera.

Chachiwiri, pezani munthu ku Lusaka. Mipingo yathu yambiri, kaya Reformed Church in Zambia (RCZ), Katolika, Anglican kapena Seventh-day Adventist, ili ndi nthambi kumeneko, ndipo abusa anu angathe kulumikizana ndi anzawo kuti amayi a kumeneko azikamuona. Mkazi wanga amakumbukirabe mayi wina amene sitinkamudziwa n'komwe, amene ankabwera ndi nsima yotentha ndi ndiwo zamasamba zotendera, n'kukhala pambali pa bedi kuti mkazi wanga akasambe ndi kuchapa. Kwa wodwazika, ola limodzi lopuma ndi chinthu chachikulu.

Musaiwale bambo amene watsala kunyumba. Anthu amazonda mayi, pamene bambo amangofunsidwa kuti, "Kuli bwanji ku Lusaka?" ngati kuti iye ndi wopereka malipoti chabe. Ife amuna tinaleredwa kuti tisalire pagulu, choncho timalirira m'mitima mpaka ena amayamba mowa kapena kukangana ndi akazi awo pa foni chifukwa cha ndalama. Uzani amuna anu kapena akulu a mpingo aamuna kuti azipita kukakhala naye madzulo, ngakhale osalalikira. Mnzanga wina ankabwera n'kungokhala nane pakhonde, potsanzikana n'kupemphera mawu ochepa, ndipo iyeyo ndiye anandisunga.

Zimene zinkatipweteka ndi mawu onga akuti Mulungu amapereka mayesero aakulu kwa anthu olimba, kapena nkhani za ana a uje amene anamwalira ndi matenda omwewo. Chinanso ndi chakuti mwezi woyamba anthu anali ambiri, koma pofika pakati pa chithandizo anali atatsala owerengeka, pamene ndi nthawi imene ndalama ndi mphamvu zinali zitatheratu. Ndiye m'gulu lanu musathire zonse nthawi imodzi. Kuli bwino kusonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kufikira mapeto.

Mwana wathu ali moyo ndipo ali pasukulu, timathokoza Mulungu. Koma pa bedi loyandikana ndi lathu panali mayi wina amene ankapemphera kuposa ife, usiku wonse ali chogwada, ndipo mwana wake anamwalira. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti mwana wanga anachira chifukwa chikhulupiriro changa chinali chachikulu, ndimakana.

Mlongo wa ku Mchini, Chipata

Ndawerenga zonse ndipo ndikuvomereza zambiri, koma ndikufuna kusiyana pang'ono ndi akulu a mpingo a ku Madzimoyo. Ndikuopa kuti tikachenjera kwambiri ndi mawu, mapemphero athu angazizire mpaka tizingonena kuti kufuna kwanu kuchitike tisanapemphe n'komwe. Yairo anagwa pamapazi a Yesu n'kupempha mosabisa kuti mwana wake achire, ndipo mayi wa ku Kanani uja anakakamira ngakhale poyamba sanayankhidwe. Yakobo 5 imatiuza kuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Choncho pemphani machiritso molimba mtima, gawanani maola kuti pakhale wopembedzera usana ndi usiku, ndipo amene angathe asale kudya. Mnzanuyo akadziwa kuti pa 2 koloko usiku, pamene iye ali maso m'wodi, kuno ku Chipata kuli wina amene wagwada chifukwa cha mwana wake, mtima wake udzapeza pogwira.

Koma mneneri amene akuti mwana achoke pa mankhwala, ameneyo ndikumukana ngakhale ine ndimapemphera mpingo umene umakhulupirira kwambiri machiritso. Pamene Mulungu anamva pemphero la mfumu Hezekiya, mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa chotupa chake, monga zalembedwera pa 2 Mafumu 20. Mtumiki woona wa Mulungu angathe kupita kuchipatala kukapempherera mwanayo ali pa bedi lake.

Pa nkhani ya achibale, amayi, inu ndinu mnzake chabe, ndiye mukalankhula nokha adzati mukulowerera za eni. Kwathu kuno mawu a malume a mwana, mwini mbumba, amalemera, ndiponso ankhoswe a banjalo amamveredwa. Pitani kwa iwowo pamodzi ndi abusa kapena mkulu wa mpingo, mwaulemu wake, ndipo musayambe ndi kutsutsa za ufiti chifukwa mkangano umenewo sutha. Pemphani chinthu chimodzi chokha, chakuti mwana asachoke pa mankhwala, ndipo ngati n'kotheka malumewo alankhule okha ndi dokotala pa foni kapena apite akaone ndi maso awo.

Mayi wa ku Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndakambirana ndi amayi anzanga ndipo tagwirizana zogawana masiku ogulitsa pabenchi la mnzathu, zosonkha mwezi ndi mwezi, ndiponso zogawana maola a mapemphero. Abusa avomera kupita nafe kwa malume a mwanayo Loweruka likudzali. Ndatsala ndi funso limodzi. Ana awiri amene atsala kunyumba, wina wa zaka 9 ndi wina wa zaka 12, akufunsa kuti mng'ono wawo abwera liti, ndipo bambo awo amangowauza kuti ali ndi malungo. Kodi tiwauze zoona?

Namwino wopuma pantchito, Katete

Amayi, ana a msinkhu umenewo amaona zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo akamva kwa anzawo kusukulu kapena kwa anthu oyandikana nawo nyumba, amayamba kukayikira chilichonse chimene akuluakulu akuwauza. Ena amafika podziimba mlandu mumtima, poganiza kuti mng'ono wawo wadwala chifukwa anamumenya kapena kumunenera mawu oipa. Koma owauza akhale makolo awo, inu mungolimbikitsa bambowo ndi kukhala nawo pafupi ngati angafune. Awauze kuti magazi a mng'ono wawo akudwala matenda otchedwa khansa, kuti si opatsirana, kuti palibe amene anawayambitsa, kuti madokotala akumupatsa mankhwala amphamvu amene atenga nthawi yaitali, ndiponso kuti akadzabwera adzakhala wopanda tsitsi kwa kanthawi. Akafunsa ngati amwalira, asawanamize ndiponso asawaopseze: awauze kuti matendawa ndi aakulu, kuti ana ambiri amachira, ndipo kuti madokotala akuchita zonse zimene angathe.

Apatseni mbali yawo m'mapemphero a madzulo, ajambule zithunzi kapena alembe timakalata toti wopita ku Lusaka anyamule, ndipo muziwalumikiza ndi mayi awo pa foni pa nthawi yodziwika, monga Lamlungu masana. Dziwitsaninso aphunzitsi awo kuti akaona kusintha m'makhalidwe kapena m'maphunziro amvetse chifukwa chake, ndipo wamkuluyo musamusenzetse ntchito zonse za pakhomo mpaka kujomba kusukulu.